Njinga ya m'tauni: magiya atatu a m'habu akwanira

Munthu akapita kukagula njinga yakapalasa masiku ano, kaya ndi ku Limbe, ku Kamwala mu Lusaka kapena pamsika wa ku Chipata, wogulitsa amayamba ndi kumuwerengera magiya. Iyi ili ndi 18, iyo ili ndi 21, ndipo wogula amachoka pamenepo akuganiza kuti kuchuluka kwa magiya ndiko ubwino wa njinga. Ine ndikutsutsa maganizo amenewa. Kwa munthu amene amapalasa tsiku ndi tsiku kuchoka kunyumba kupita kuntchito, kusukulu kapena kumsika, m'misewu yathu ya phula lokumbikakumbika ndi fumbi, njinga yoyenera ndi ya magiya atatu otsekeredwa mkati mwa habu ya gudumu lakumbuyo. Ndifotokoza chifukwa chake, ndipo nditchulanso anthu amene sindingawauze kuti agule njinga yotere, pakuti alipo.

Nkhaniyi ikukhudza thumba. Kwacha ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi unakwera pamodzi ndi wa china chilichonse, ndipo mizere ya magalimoto odikira mafuta takhala tikuiona kawirikawiri. Mlonda, mphunzitsi wa pulayimale, kalaliki, mayi wogulitsa mandasi pageti la fakitale ku Kanengo, onsewa akamagula njinga amakhala atasunga ndalama miyezi ingapo, mwina atakatapa ku banki m'khonde. Njinga yotero ikamagona kwa mmisiri masiku awiri kapena atatu pamwezi, mwini wake amalipira kawiri, kwa mmisiri ndi kwa kondakitala. Choncho pogula, funso la liwiro libwere pambuyo. Loyamba likhale lakuti pa masiku onse ogwira ntchito m'mwezi, njingayi idzandifikitsa masiku angati osaikankha.

Tigwirizane kaye pa mawu, popeza pano tili anthu a mbali zosiyana. Ine ndizinena kuti kupalasa. Amene mumati kutchova kapena kuchova musadandaule, mwendo ndi womwewo. Habu ndi chitsulo chapakati pa gudumu, pamene masipoko onse amakumana. Magiya a njinga alipo a mitundu iwiri. Ofala lero ndi aja oonekera, a masipuloketi angapo osanjikizana kumbuyo, pamene tcheni chimadumpha kuchoka pa ina kupita pa inzake mokankhidwa ndi kachitsulo kolendewera kotchedwa derailleur. Amenewa ndiziwatcha magiya akunja. Enawo ndi obisika: kunja mumaona sipuloketi imodzi yokha ngati pa Hero wamba, koma habu yake ndi yonenepako, ndipo m'mimba mwakemo ndimo muli magiya. Amenewa ndiziwatcha magiya a m'habu. Amene ali ndi dzina lokoma kuposa ili atipatse, tilandira.

Magiya a m'habu si achilendo kwa ife, tangowaiwala. Habu ya magiya atatu ya Sturmey-Archer inatuluka mu 1902 mumzinda wa Nottingham ku England, dzina lake lochokera kwa Henry Sturmey ndi James Archer, ndipo kumbuyo kwake kunali kampani ya njinga ya Raleigh. Mu 1936 anatulutsa mtundu wotchedwa AW, umene unapangidwa kwa zaka makumi ambiri osasintha kwenikweni. Mwa agogo athu amene anabwerako ku Joni ndi ku Halale ali ndi Raleigh kapena Humber yonyezimira, ena anali ndi kachitsulo kosinthira pa handulo ndi katcheni kakang'ono kotuluka kunsonga kwa ekiselo yakumbuyo. Chimenecho n'chimene tikukambirana pano.

Mkatimo mulibe matsenga. Mu AW muli giya yaing'ono ya mano 20 yokhazikika pa ekiselo, yosazungulira. Poizungulira pali timagiya tinayi togwiridwa ndi chimango chimodzi, ndipo kunja kwa tonseto kuli mphete ya mano 60 oyang'ana mkati. Amisiri anatcha yapakatiyo dzuwa, tinayito mapulaneti, chifukwa cha mmene timazungulirira. Mu giya yachiwiri, sipuloketi ndi gudumu zimazungulira limodzi, ngati njinga yopanda magiya. Mu giya yoyamba, mphamvu ya mwendo imalowera pa mphete n'kutulukira pa chimango, ndipo sipuloketi ikazungulira kanayi gudumu limazungulira katatu: kupalasa kumapepuka, ndiye giya ya pachitunda. Mu giya yachitatu mphamvu imadzera mbali inayo, sipuloketi ikazungulira katatu gudumu limazungulira kanayi. Basi. Zonsezi zimachitika m'chigoba chotsekeka, m'mafuta, kumene mchenga sufika.

Apa ndi pamene pagona ubwino waukulu. Chaka chathu chili ndi adani awiri a tcheni, fumbi la Okutobala ndi matope a Januwale. Fumbi likasakanizana ndi oyilo limasanduka ngati mwala wonolera, ndipo limadya tcheni ndi mano a masipuloketi pang'onopang'ono. Pa magiya akunja zonse zili poyera: masipuloketi 7 kumbuyo, atatu kutsogolo, timawilo tiwiri ta derailleur timene timayenda pafupi ndi nthaka penipeni pamene tayala limawaza matope. Tcheni chake n'chopyapyala, chifukwa chiyenera kulowa pakati pa masipuloketi othinana, ndipo nthawi zambiri chimayenda chopendekeka. Pa njinga ya magiya a m'habu tcheni n'chokhuthala, chofanana ndi cha Hero kapena Phoenix chimene chimapezeka pagolosale ya zipangizo za njinga iliyonse, ndipo chimayenda mowongoka moyo wake wonse. Popeza sichisunthira uku ndi uku, chitha kuvindikiridwa. Chovindikira tcheni chimateteza tcheni ku fumbi, chimatetezanso buluku la mphunzitsi ndi chitenje cha mayi ku oyilo. Amene amaseka mfundo imeneyi sanafikepo ku ofesi mwendo wa buluku uli bii.

Chachiwiri ndi kachitsulo kolendewera kaja. Njinga ya m'tauni imagwa. Imagwa pamsika mnzanu akamasolola yake pakati pa njinga khumi zotsamirana, imagwa mwana akaitsamira, imaponyedwa pamwamba pa basi pansi pa matumba a chimanga. Ikagwera kumanja, derailleur imapindikira mkati, ndipo tsiku lina mukusintha giya pachitunda imalowa m'masipoko n'kuthyola atatu kapena anayi nthawi imodzi. Habu ilibe chopindika chotero. Gudumu lakenso limakhala lolimba, chifukwa masipoko a mbali zonse ziwiri amakoka pafupifupi mofanana, pamene pa gudumu la masipuloketi ambiri mbali imodzi imakokedwa kwambiri kuti masipuloketiwo apeze malo.

Chachitatu ndi chimene ambiri sachidziwa mpaka atakwera. Magiya akunja amasintha pokhapokha tcheni chikuyenda. Minibasi ikaima mwadzidzidzi patsogolo panu pa Great East Road kapena pa Chipembere Highway, inu n'kumanga buleki muli mu giya yolemera, muyenera kunyamuka mu giya yomweyo, mukudzandira pakati pa magalimoto. Habu imasintha mutaima. Mumaima pa maloboti, mumatsitsa ku giya yoyamba phazi lili pansi, mumanyamuka mopepuka. M'tauni, mmene munthu amaima kambirimbiri paulendo umodzi, ichi chokha n'chokwanira kundikopa. Lamulo lake ndi limodzi: posintha giya mukuyenda, lekani kukankha pedulo kwa kamphindi kuti mano a mkati alowane bwino.

Nanga magiya 21 aja? Nambalayo imachokera pochulukitsa masipuloketi atatu akutsogolo ndi 7 akumbuyo, koma ambiri mwa magiyawo amafanana kulemera kwake, ndipo ena sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amapotoza tcheni kwambiri. Sindikunyoza mountain bike yeniyeni. Ya zitsulo zabwino ndi chida chodabwitsa pa njira za m'mapiri a Zomba kapena Mulanje. Ndikunena za zotchipa zimene zadzaza m'masitolo, za zosinthira za pulasitiki ndi masipuling'i ongokometsera amene amangomwa mphamvu ya wopalasa. Kayang'aneni pamalo oimika njinga pa chipatala kapena pa fakitale iliyonse. Muwerenge kuti ndi zingati zimene kebulo yake inaduka kalekale, mmisiri n'kufupikitsa tcheni n'kuchikhazika pa sipuloketi imodzi. Mwini wake analipira magiya 21, akuyendera imodzi.

Kumaiko kumene njinga ndi galimoto ya anthu wamba, nkhaniyi inatha kalekale. Njinga zobwereka za mumzinda wa Paris zimene zinayamba mu 2007, ndi za ku London zimene zinayamba mu 2010, zinabwera ndi magiya atatu a m'habu a Shimano Nexus. Njinga zimenezi zimagona panja pamvula, zimakweredwa ndi aliyense, wodziwa ndi wosadziwa, ndipo amene amazisamalira anasankha chimene sichivuta. Ku Netherlands njinga yopitira kuntchito nthawi zambiri imakhala ya giya imodzi kapena ya magiya a m'habu. Ku Japan, njinga za amayi zopitira kumsika, zimene amazitcha mamachari, zambiri zokhala ndi magiya zili ndi atatu a m'habu, ndipo zina mwa izo zimafika kuno kumwera kwa Africa ngati kaunjika. A positi a ku Britain, Royal Mail, ankanyamula makalata pa njinga zopangidwa ndi kampani ya Pashley, za magiya atatu a m'habu ndi mabuleki otsekeka m'mahabu momwemo. Atasiya kuzigwiritsa ntchito, bungwe la Krizevac Project linatenga zambirimbiri n'kumazitumiza ku Blantyre, ku Beehive ya ku Chilomoni, kumene zimakonzedwa ndi kugulitsidwa. Kotero a ku Blantyre simukufunika kukhulupirira ine; njinga zimenezi zikuyenda m'misewu yanu, mutha kufunsa eni ake.

Tsopano pali mfundo imene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi imene imakhumudwitsa anthu ambiri amene anayesapo njinga ya magiya atatu n'kunena kuti ndi yolemera. Nthawi zambiri vuto silikhala la habu. Limakhala la kukula kwa sipuloketi imene inaikidwa pa habuyo.

Tiwerengere limodzi. Gudumu la mainchesi 28, la njinga zathu zazikuluzi, likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.2. Tinene kuti kutsogolo kuli mano 44 ndipo kumbuyo kuli mano 18. Mukazungulitsa mapedulo kamodzi mu giya yachiwiri, njinga imayenda mamita 5.4. Mu giya yoyamba ya AW imayenda mamita 4, mu yachitatu mamita 7.2. Giya ya mamita 7.2 ndi ya munthu wothamanga pa mtsetse mphepo ili kumsana. Wopita kuntchito ali ndi chikwama pa kaliyala adzaigwiritsa ntchito mwa kamodzikamodzi. Ndipo ya mamita 4 ndi yolemerabe kwa wokwera kuchoka ku Ginnery Corner kupita ku Limbe. Ndiye kuti munthuyo ali ndi magiya atatu, imodzi yosagwira ntchito, ndipo imene akuifunitsitsa palibe.

Chotsani sipuloketi ya mano 18, muike ya mano 22. Tsopano giya yachitatu ndi mamita 5.9, yoyendera pamalo osalala. Yachiwiri ndi mamita 4.4, ya pokwera pang'ono, pa mphepo ya kumaso kapena mutanyamula katundu. Yoyamba ndi mamita 3.3, ya pachitunda chenicheni. Njinga yomweyo yasanduka ina. Sipuloketi imeneyi imagwiridwa ndi kamphete ka waya kamene kamachotsedwa ndi sikuludiraiva, ndipo mano atatu a mkati mwake amafanana pa mahabu a magiya atatu a Sturmey-Archer ndi a Shimano ndi pa mahabu ambiri a buleki ya pedulo. Mudzafunika kuwonjezera mfundo imodzi kapena ziwiri pa tcheni. Palibe ndalama ina imene mungawononge pa njinga imene ingasinthe ulendo wanu chotere. Koma musapitirire: mano akutsogolo akhale pafupifupi kuwirikiza kawiri akumbuyo, chifukwa mukatsitsa kwambiri kuposa apo, mphamvu yolowa m'habu imachuluka ndipo timano ta mkati timavutika.

Kukula kwa sipuloketi kutengere mzinda wanu. Lusaka ndi wosalala. Wochoka ku Matero kapena ku Chawama kupita m'tauni, mano 19 kapena 20 amukwanira. Chimodzimodzi wa ku Highfield kapena Mbare mu Harare, wa ku Salima, wa ku Mangochi. Lilongwe amaoneka wosalala mukakhala m'galimoto, koma mwendo umadziwa kuti pali kukwera kwakutali kuchoka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, mbali zonse ziwiri. Wa ku Tete aganizire dzuwa: kumeneko giya yopepuka imapulumutsa malaya ku thukuta ngakhale popanda phiri. Blantyre, Zomba ndi Mzuzu ndi a mano 22, ndipo ndinene poyera kuti wokhala kumtunda kwa Ndirande, Bangwe kapena Soche adzatsikabe n'kukankha pamalo ena. Kukankha njinga mamita 100 si manyazi.

Wina afunsa kuti, ngati habu ndi yabwino chotero, bwanji osagula ya magiya ambiri? Zilipo. Pa AW, giya yolemera kwambiri imaposa yopepuka kwambiri pafupifupi ka 1.8. Pa Shimano Nexus ya magiya 7 ndi ka 2.4, pa ya magiya 8 ndi katatu, pa Alfine ya magiya 11 ndi kanayi, ndipo Rohloff ya ku Germany, ya magiya 14, imene inatuluka mu 1998, imaposa kasanu. Kwa abale athu a ku Leeds, ku Dublin kapena ku Cape Town, kumene sitolo ya njinga itha kuitanitsa chipangizo n'kufika m'masiku ochepa, Nexus 8 ndi chisankho chabwino ndithu, makamaka m'mizinda ya zitunda. Kuno kwathu ndikukayika. Giya iliyonse yowonjezera imabwera ndi timano, timasipuling'i ndi tizitsulo tina, ndipo habu yotere ikawonongeka mkati, nthawi zambiri amangosintha zamkati zonse pamodzi. Za Rohloff tisatayepo nthawi. Mtengo wa habu yokhayo ungagule njinga zingapo.

Izi zikutifikitsa pa chotsutsa chachikulu, ndipo sindichichepetsa. Hero ya giya imodzi ingakonzedwe pansi pa mtengo wa mango uliwonse kuchokera ku Nsanje mpaka ku Lundazi. Mmisiri aliyense amaidziwa ngati chikhato chake, ndipo zipangizo zake zili pamsika uliwonse. Habu ya magiya sichoncho. Amisiri ambiri achinyamata sanaitsegulepo, ndipo ena akaiona amalangiza kuti aichotse aike habu wamba. Zipangizo zake n'zosowa. Kampani ya SRAM, imene inagula gawo la njinga la Sachs ya ku Germany mu 1997, inasiya kupanga mahabu a magiya mu 2017. Choncho mukapeza njinga ya kaunjika yolembedwa Sachs kapena SRAM pa habu, dziwani kuti mukugula mwana wamasiye. Sturmey-Archer inagulidwa ndi kampani ya SunRace ya ku Taiwan mu 2000 ndipo ikupangabe, Shimano nayonso ikupangabe. Khalani pa awiriwa.

Yankho langa pa chotsutsachi ndi lakuti zimene zimafa kawirikawiri pa njinga ya magiya atatu zili kunja kwa habu: kebulo, chosinthira cha pa handulo, ndi katcheni kapena kachitsulo kolumikiza kebulo ndi ekiselo. Zimenezi n'zazing'ono, zimakwana m'envelopu, ndipo m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain atha kukunyamulirani. Muzigule tsiku lomwe mukugula njinga, musadikire kuti ziduke. Mukapeza gudumu lina la kaunjika la habu yofanana, gulani musunge pansi pa bedi. Ndipo kebulo ikaduka muli panjira, ulendo suthera pomwepo: habu imatsala mu giya imodzi. AW imathawira ku giya yachitatu, yolemera, koma mutha kukoka katcheni kaja n'kukamangirira ku felemu ndi kawaya kuti mufike kunyumba mu giya yopepuka.

Anthu amene sindingawalangize habu ya magiya ndi a kabaza, amene ku Mzuzu amawatcha a sakaramento, ndi onse onyamula makala, nkhuni, mbuzi kapena matumba a chimanga. Munthu akaimirira pa mapedulo ali ndi wokwera wa makilogalamu 80 kumbuyo, mphamvu yonseyo imadutsa pa timano tating'ono ta mkati, tsiku lonse, masiku onse. Habu wamba ilibe chofooka chotero. Onani zimene anachita a World Bicycle Relief, bungwe limene linayamba mu 2005 ndipo limapanga njinga za Buffalo zimene timaziona ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mmodzi mwa oyambitsa ake, F.K. Day, analinso mmodzi mwa oyambitsa kampani ya SRAM, yopanga magiya. Komabe Buffalo anaipanga ya giya imodzi, ya buleki ya pedulo, ya kaliyala yonyamula makilogalamu 100. Ndipo pamene anatulutsa ya magiya awiri mu 2024, anaika matcheni awiri m'malo mwa derailleur kapena habu ya mapulaneti. Anthu odziwa magiya kuposa tonsefe anaona kuti njinga ya katundu wolemera, yokonzedwa kumudzi, imafuna china. Ndikugwirizana nawo. Wokhala kutali ndi tauni, ndi wa m'tauni yosalala amene ulendo wake ndi waufupi, giya imodzi imukwanira. Mkangano wanga uli ndi magiya 21 otchipa, ndipo wokondedwa wanga ndi munthu wa makilomita 5 mpaka 15 patsiku lililonse, wonyamula chikwama, mwana mmodzi kapena dengu la ndiwo.

Popeza ambiri a ife tidzagula ya kaunjika, nazi zoyenera kuyang'ana. Musagule musanakwere, ndipo mukwere pamalo okwera, mukukankha mwamphamvu mu giya iliyonse. Kulira kwa tiki-tiki mu giya yachiwiri ndi yachitatu ndi chibadwa cha AW, musaope. Choopsa ndi pedulo kupita mwaulere mwadzidzidzi, phazi n'kugwera pansi. AW zakale zili ndi kampata pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pamene palibe chogwira, ndipo kebulo ikakhwepa habu imagwera m'kampatako. Munthu ataimirira pa mapedulo atha kuvulala zedi. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kungokonza kebulo. Ikani giya yachiwiri, suzumirani pa kabowo ka pa nati ya kumanja, ndipo muzungulitse chokokera kebulo mpaka phewa la kandodo kotuluka mu ekiselo lilingane ndi nsonga ya ekiseloyo. Pa Shimano ndi zophwekerapo: pali zizindikiro zachikasu zoyenera kulingana, mu giya yachiwiri pa habu ya magiya atatu, mu giya yachinayi pa ya 7 kapena 8. Ngati kebulo ili bwino koma giya ikuthawabe, isiyeni njingayo. Pa chigoba cha Sturmey-Archer zakale pamadindidwa chaka ndi mwezi umene inapangidwa. Pukutani fumbi muwerenge, mwina mupeza kuti habuyo ndi yaikulu kuposa bambo anu ndipo ikugwirabe ntchito.

Yang'ananinso mawashala a pa ekiselo. Ekiselo ya habu ya magiya imafuna kuzungulira payokha chifukwa dzuwa lija lakhazikika pa iyo, ndipo chimene chimailetsa ndi mawashala apadera okhala ndi dzino lolowa mu mpata wa felemu. Mmisiri akawataya pomata chubu n'kuika wamba, ekiselo imapota, imakoka kebulo n'kukuza mpata wa felemu. Chosinthira cha pa handulo chikhale cha kampani yomwe inapanga habu. Cha Shimano sichigwirizana ndi Sturmey-Archer. Ndipo werengani zolembedwa pa tayala. Njinga zambiri za ku Japan ndi za ku England zakale zili ndi matayala a 26 x 1 3/8, ndipo tayala la 26 la mountain bike silikwana pa limu yotero ngakhale nambala yoyamba ikufanana. Funsani kaye ngati tayalalo limapezeka m'tauni mwanu.

Amene ali kale ndi njinga yaikulu ya giya imodzi imene amaikonda atha kungoiikira habu. Felemu za njinga zimenezi zili ndi mpata wautali kumbuyo wokokera tcheni, umene habu ya magiya imafuna. Msampha uli pa masipoko: malimu akumbuyo a njinga zambiri za ku India ali ndi mabowo 40, monga AW zambiri zakale, pamene mahabu a lero ambiri ali ndi 36. Muwerenge mabowo musanapereke ndalama.

Kusamalira kwake n'kochepa moti kumaiwalika. AW zakale zili ndi kabowo kothirira mafuta pa chigoba. Madontho angapo a oyilo wa injini pa miyezi iwiri kapena itatu akwanira. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kusanduka ulimbo. Girisi wolimba wa magalimoto nayenso ayi, chifukwa amamata timano ta masipuling'i timene tiyenera kudumpha momasuka. Mahabu atsopano amabwera ndi girisi wawo wofewa, alibe kabowo, ndipo amafuna kutsegulidwa mwa apo ndi apo. Musamize gudumu mumtsinje poitsuka, musaipereke kwa anyamata otsuka magalimoto ndi paipi ya mphamvu. Madzi akalowa m'habu satuluka, ndipo dzimbiri limagwira ntchito yake mwakachetechete. Azungu amadandaula kuti kuchotsa gudumu lakumbuyo la habu n'kovuta tayala likaphwa. N'zoona, koma amisiri athu anazolowera kale kusolola chubu n'kumata gudumu lili pomwepo.

Za mabuleki ndinene mwachidule. Mabuleki a ndodo pa limu yachitsulo yonyezimira sagwira mvula ikagwa, ndipo aliyense amene anatsikapo chitsetse mu Febuluwale akudziwa. Mukapeza njinga imene habu yake ili ndi buleki yotsekeka mkati, imeneyo ndi mphatso, chifukwa imagwira mofanana pa dzuwa ndi pamvula. Buleki ya pedulo nayo ndi yabwino m'tauni yosalala, koma pa chitsetse chachitali imatentha, choncho kutsogolo kukhalenso buleki ina.

Chotsala ndi cha amisiri, ndipo apa ndikulankhula ndi inu a m'gulu lino amene muli pafupi ndi masukulu a ntchito zamanja. Malawi ndi Zambia onse ali ndi bungwe lotchedwa TEVETA. Anthu amene amamanga gudumu la masipoko 40 ndi maso okha, amene amawotcherera felemu yothyoka n'kuyendanso zaka zisanu, sangalephere habu ya magiya atatu. Chimene akusowa ndi kuiona itatsegulidwa kamodzi. AW imatsegulidwa ndi zida zimene ali nazo kale: sipana zopyapyala za makoni, hamala ndi kachitsulo kogogodera mphete ya kumanja kuti imasuke. Zamkati zonse zimatuluka pamodzi ngati mtima wa nthochi, ndipo masana amodzi ndi okwanira kuphunzitsa munthu kuzitsuka mu palafini, kusintha timasipuling'i ndi kuzibwezera. Obweretsa makontena a njinga za kaunjika nawonso atamaika katoni imodzi ya makebulo, zosinthira, mawashala ndi masipuloketi a mano 20 ndi 22 m'kontena iliyonse, mahabu ambiri amene lero akutayidwa kuseri kwa mashedi a amisiri akanabwerera pamsewu.